Masiki ya a Ezekiele

Lachinayi masana, kuseri kwa nyumba yawo chakumtunda kwa Lisungwi, a Ezekiele anandandalika mamasiki khumi pamphasa, n'kukhosomola kawiri, n'kuitana akazi awo kuti adzaone nzeru. Mawa lake alimi a kalabu yawo ankayenera kuvala mamasikiwo n'kulowa m'dimba kukapopera tomato mankhwala a mbozi, ndipo woyamba kubereka sipuleya anali akazi awo omwewo, a Jessie.

"Mayi a Prisca! Bwerani mudzaone chimene chawakanika azungu."

A Jessie anatuluka akupukuta manja pachitenje. Mayiwa anali munthu woti ukawatuma kuti akaone ngati madzi awira, amakaonadi, n'kubwera kudzakuuza kuti awira. Zophula mphika sunanene.

"Ndaona," iwo anatero.

"Mwaona chiyani?"

"Mabotolo odula pakati, malegeni, ndi zitini zanga za nsomba zimene ndimasungiramo mbewu ya mpiru."

"Awa si mabotolo. Ndi mamasiki."

"Dzulo anali mabotolo."

"Inunso dzulo munali mwana, lero muli ndi mwana ku koleji. Zinthu zimasintha."

Tisawanamizire a Ezekiele, mtima wawo unali wabwino. Kalabu yonse inali ndi masiki yeniyeni imodzi yokha, ya mphira, ya tizitini tiwiri m'masayamu, imene alangizi anabweretsa zaka zinayi zapitazo. Poti iwo ndiwo anali mlimi wotsogolera, ankavala ndi iwo. Ena onse ankangomanga kansalu pamphuno, n'kubwerako kudimba mutu ukuwaza nkhuni. Chaka chatha a Jessie anasanza masiku awiri atapopera, ndipo amuna awo zinawapweteka mumtima. Tsiku lina anatenga mpeni n'kukanula kachitini kamodzi ka masiki ya kalabu ija kuti aone ufiti uli m'katimo. Anapezamo timibulu takuda. Analawa. Anali makala.

Anaseka mpaka kukhala pansi. Munthu woti wawotcha makala zaka makumi awiri ndi ziwiri, wanyozedwa kuti ndi mdani wa mitengo, walandidwapo njinga ziwiri pamsewu wa ku Zalewa, lero adzapeze kuti chinsinsi cha azungu ndi ntchito yake yakale ija! Tsono ife amuna a kuno tili ndi matenda amodzi: tikangomva mawu atatu a sayansi, achinayi timadzipezera tokha.

"Prisca yemwe wavomereza pa foni," anatero a Ezekiele. "Anati makala, nthunzi, timabowo. Zinthu zitatu."

"Anati si makala a pambaula."

"Anati makala."

"Anati amawotcha m'makina, ndi nthunzi yotentha kuposa uvuni wanu, mpaka amachita timabowo tosaoneka ndi maso, ndiye poizoni amakodwa m'menemo. Anati ngakhale ophunzira akuvutika nawobe kuti awakonze bwino."

"Nanga ine sindinawafutse ndi nthunzi mumgolo wa thobwa uja?"

"Anatinso, 'Adadi musayerekeze.' Kanayi."

"Pamenepo netiweki inkadukaduka."

"Ine ndinamva bwinobwino."

"Inu munali chakumtunda. Timabowo munaboola?"

"Ndinaboola. Singano zathyoka zitatu."

"Angati?"

"Mazana anayi ndi asanu ndi awiri. Prisca anati amafunika mamiliyoni."

"Otsalawo udzaboola ndi mpweya." A Ezekiele anakhosomolanso, n'kudzimenya pachifuwa. "Mayi a Prisca, mneneri salemekezeka kwawo. Kunjaku anthu akundidziwa. Simuona ku tchalitchi? Ndikangolowa ndi jekete yanga ija n'kukhala pansi, benchi yonse amandisiyira."

"Ndimaona."

"A kwaya nawo atumiza uthenga. Akuti ndiwasungireko mamasiki asanu ndi atatu."

"A kwaya salima tomato."

"Nzeru imakoka anthu. Bweretsani zoyesera."

Zoyeserazo zinali pathabwa: kabotolo ka parafini, dzira losukusa limene nkhuku inalikana sabata yatha, ndi gambuti imodzi ya a Ezekiele. A Jessie anabweretsa thabwalo atatembenuzira nkhope kumbali. A Ezekiele anapita pamtengo wa mango pamene panapachikidwa masiki yawoyawo, yoyamba kupangidwa, yomangidwa kaulusi kofiira kuti isasokonezeke ndi za anthu wamba. Anaivala, nakoka malegeni kuseri kwa makutu. Mawu awo anayamba kumveka ngati akuchokera m'chitsime.

"Lamulo la alangizi ndi limodzi. Ukamva fungo, sefa yatha. Ukapanda kumva fungo, sefa ili moyo. Ine ndavala masiki ya kalabu ija zaka zinayi osamva kanthu. Ndikudziwa chimene ndikunena. Parafini!"

A Jessie anawapatsa. A Ezekiele anakoka mpweya mpaka botolo la kumaso linaphwafuka.

"Palibe! Dzira!"

Anaboola dziralo ndi kamtengo. Galu amene anagona pamthunzi anadzuka n'kupita kwa aneba.

"Palibe! Gambuti!" Analowetsa mutu theka. "Mphepo ya kuphiri yeniyeni! Mwaona, mayi a Prisca?"

"Ndaona."

"Valani yanu."

A Jessie anatola imodzi pamphasa n'kuvala. Amuna awo anawayandikizira kabotolo.

"Mukumva chiyani?"

"Parafini."

"Ayi, ndikuti mukumva chiyani?"

"Parafini. Ndi nsomba."

"Nsomba zachokera kuti?"

"M'chitinimu."

"Nsomba si poizoni, zisiyeni. Ichi?"

"Dzira. Chotsani, bambo a Prisca, chotsani!"

"Mukununkhiza ndi maso, ndiye vuto lanu. Mwaona dzira, mutu wanu wakuuzani dzira. Tsinzinani."

Anatsinzina.

"Ichi n'chiyani?"

"Gambuti."

"Mwasuzumira."

"Ya kumanzere."

A Ezekiele anayang'ana gambutiyo. Inalidi ya kumanzere.

"Ndikumvanso tonde," anawonjezera a Jessie, akadali chitsinzinire.

"Pamenepo ndiye ndakugwirani bodza! Tonde ali m'shedi, chitseko n'chotseka. Ndipo tonde wangayo sanunkha, ndi wa mtundu wa chizungu. Zaka zinayi akugona m'shedimo pamodzi ndi jekete yanga, munamvapo ine ndikudandaula?"

"Sindinamvepo."

"Basi!"

Komabe kamtima kanawagunda. Wasayansi weniweni sakwiya, amasintha makala. Mamasiki a pamphasa sanali ofanana: ena anali ndi makala a tsanya, mfumu ya makala onse, ena a zitsononkho za chimanga, ena a zikamba za malambe. A Ezekiele ankawadziwa onse ngati ana awo.

"Imeneyo inali ya zitsononkho, ya anthu a mphuno zaulesi. Valani iyi ya malambe."

"Parafini," anatero a Jessie.

"Sindinatsekule n'komwe botolo!"

"Mwatsekula. Chivindikiro chili m'dzanja lanulo."

"Iyi ya tsanya. Tsanya sanandichititsepo manyazi. Pumani pang'onopang'ono, mwaulemu. Inu mukukoka mpweya ngati mukupopa mjigo, makala sakupeza mpata wogwira ntchito."

A Jessie anapuma mwaulemu.

"Eya?"

"Parafini, koma akubwera pang'onopang'ono."

"Ndiye kuti tikupita patsogolo!"

"Wafika tsopano."

"Ukulowera m'mbali. Nkhope yanuyi ndi yaing'ono, sinakumane ndi botolo." Anakoka malegeni mpaka makutu a akazi awo anapindika. Anatsindira makala ena m'zitini ndi chala chachikulu, n'kutseka ndi sokosi, pamwamba pa sokosi n'kumangapo chigamba cha chubu cha njinga. "Tsopano nenani zoona pamaso pa Mulungu. Mukumva fungo?"

A Jessie anapukusa mutu.

"Parafini?"

Anapukusa.

"Dzira?"

Anapukusanso, maso ali tong'o.

"Aleluya! Lembani tsiku la lero, mayi a Prisca! Ku Neno kuno, kumene basi imafika itatopa, kwatuluka..."

A Jessie anang'amba masikiyo kumaso n'kukhala pansi, akupuma mwa wefuwefu. Kuyambira pamphuno mpaka pachibwano anali bii, mano okha ndiwo ankaoneka.

"Mwavuliranji? Inali ikugwira!"

"Sindimapuma."

"Koma fungo simunamve."

"Munthu wosapuma samva fungo."

"Bwanji osanena?"

"Munafunsa za fungo. Za kupuma simunafunse."

A Ezekiele anayenda mpaka pamtengo wa mango, n'kubwerera, n'kupitanso. Ukwati wa zaka makumi atatu unawaphunzitsa kuti akazi awo sanama, ndipo chimenechi n'chimene chinkawakwiyitsa kwambiri. Munthu wabodza umatha kukangana naye.

"Ndadziwa," iwo anatero. "Ndi mantha. Mukuopa kukhala woyamba mawa."

"Ndikuopadi."

"Ndiye mukufuna ndikaime pamaso pa a Limbani, tcheyamani wa kalabu, ndi alimi onse amene adikira milungu itatu mbozi zikudya tomato, ndikanene kuti pepani, akazi anga amva nsomba?"

"Ndi parafini. Ndi dzira."

"Mphuno yanuyo si ya munthu, ndi ya fisi! Sitingayese sayansi ndi mphuno yotere. Ifunika mphuno wamba ngati yangayi." Anadzigogoda pabotolo la kumaso. "Chabwino. Zoseweretsa tazisiya. Ndilowa m'shedimo ndi mankhwala enieniwo, nditsekule botolo, nditseke chitseko, ndikhalemo ola lathunthu. Ndikatuluka wamoyo, mawa mupopera osatsutsa."

"Mukatuluka wakufa?"

"Mudzapopera mkuja, maliro atatha."

Ananyamuka ndithu, ndipo sankaseka. A Jessie anaimirira msanga, nthabwala itawathera.

"Mulowa ndi masiki iti?"

"Yangayi. Imene yapambana mayeso onse inu mukuona."

"Yopanda makalayo?"

A Ezekiele anaima mwendo uli m'mwamba.

"Mwati chiyani?"

"Mulibe makala m'menemo."

"Ndinaikamo ndekha Lolemba. Tsanya weniweni."

"Lero m'mawa munati, 'Khuthulani makala onse muwayanike padzuwa, achita chinyontho.' Ndinakhuthula onse."

"Kenako ndinati mubwezeremo!"

"Munati, 'Bwezerani m'mamasiki ali pamphasawo.' Yanuyo inali pamtengo."

Anagwedeza mutu kuti amve kuwayawaya kwa makala. Kunali zii. Anatsekula kachitini kamodzi n'kusuzumiramo. Munali kanjere kamodzi ka mpiru.

"Ndiye nthawi yonseyi mumandionerera ndikununkhiza dzira ndi chitini chopanda kanthu?"

"Munkafunsa ngati ndaona. Ndinkaona."

Wina aliyense akanagonja pamenepa. Koma a Ezekiele anali munthu woti anakankhapo njinga ya matumba anayi a makala kukwera chitunda tayala litaphulika, chifukwa chongokana kuvomera kuti laphulika. Anayang'anitsitsa kachitiniko, nkhope n'kuwala.

"Mayi a Prisca! Ndiye kuti chinsinsi sichili m'makala. Chili m'chitini!"

"Zitini zonse n'zofanana. Ndinagula ndine."

"Kapena chili mu ulusi wofiirawu."

"Vulani masikiyo."

"Ndivulirenji?"

"Vulani, mununkhize dzira."

"Mukufuna kundipha?"

"Munkafuna kudzipha nokha posachedwapa."

Anavula monyinyirika. Anatola dzira lija ndi zala ziwiri, nakwinya nkhope pokonzekera nkhondo, n'kuliyandikiza pamphuno. Ananunkhiza pang'ono. Ananunkhizanso kwambiri. Ntchentche zitatu zinatera padzanja lawo.

"Dzirali latha mphamvu."

"Ine ndili kuno misozi ikutuluka."

"Lakhalitsa padzuwa. Parafini." Ananunkhiza. "Awa ndi madzi. Anyamata a pamsika atibera."

"Ndi yemweyo ndinayatsira mbaula m'mawa."

"Gambuti ndiye sindiyesa, munthu samva fungo lake lomwe."

A Jessie analowa m'nyumba, n'kutuluka atabisa dzanja kumbuyo.

"Tsinzinani, bambo a Prisca."

"Mayeso ndimapereka ndine pano."

"Tsinzinani."

Mawuwo anatuluka mofatsa moti anatsinzina osadziwa. Anamva kanthu kakung'ambika pafupi ndi nkhope yawo, timadzi tozizira n'kuwathovokera pamlomo wam'mwamba.

"Mukumva chiyani?"

Anakoka mpweya. Anakokanso. Anamva mbuzi ikulira m'shedi, wailesi ya aneba, mtima wawo ukugunda. M'mphuno munali mphepo yokha.

"Sopo?" anayesa.

"Ayi."

"Anyezi."

"Tsekulani maso."

Linali nachesi, losendedwa theka, khoko lake lili pamphuno pawo penipeni. Nachesi, chipatso choti mwana akasenda kuseri kwa kalasi aphunzitsi amadziwa ali kubolodi. A Ezekiele analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pamphasa, pakati pa mamasiki awo.

"Kuyambira liti?"

"Chaka cha mliri chija. Chimfine chachikulu chimene munakana kupita nacho kuchipatala, mukuti mufungatira masamba a bulugamu."

"Ndinachira."

"Munachira. Patapita miyezi iwiri ndinapsereza nyemba, nyumba yonse utsi. Inu munadya mbale ziwiri, n'kunena kuti ndayamba kuphika ngati malemu amayi anu."

"Amayi ankapserezadi."

"Kenako munalowetsa tonde m'shedi."

"Akuba anachuluka. Zaka zinayi, mayi a Prisca. Bwanji osandiuza?"

"Simunafunse."

"Munthu angafunse bwanji chinthu chimene sakudziwa kuti chasowa?"

A Jessie anakhala pansi nawonso, chapatali pang'ono, akupukuta makala kumaso ndi nsonga ya chitenje. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anayankha zimene sanafunsidwe.

"Poyamba sindinadziwe kuti ndi mphuno. Mukukumbuka mafuta aja a m'kabotolo kobiriwira? Munkati mumadziwa kuti ndadutsa panjira ngakhale musanandione. Chaka chimenecho munangosiya kunena. Ndinadzola ambiri, osanena. Ndinadzola mpaka azimayi a kumjigo anayamba kundiseka, osanena. Ndinayesa mwapeza wina ku Zalewa."

"Ine? Ndi mawondo awa?"

"Ndinalira mwezi wathunthu. Nditaona za nyemba zija ndi pamene mtima unakhala pansi. Ndinati, kani mwamuna wanga sanandisiye, yangofa ndi mphuno. Ndinakondwa kwambiri moti ndinaona ngati si nkhani yoti n'kudandaulitsa nayo munthu."

A Ezekiele anafuna kuseka, koma m'malo mwa phwete munatuluka chifuwa chija, chouma, chokoka, chimene chinawapinda pakati. Chitatha, a Jessie anaona amuna awo akuwerenga ndi zala.

"Alangizi anati tizitini tija timatha pakapita nthawi yochepa," anatero pang'onopang'ono. "Anati ukamva fungo, usinthe."

"Anatero."

"Ine sindinamve."

"Simunamve."

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda m'dimba ngati bwana, mphira kumaso, ndikumwa mankhwala a mbozi ngati thobwa. Ndipo ndinkawaseka anzanga a kansalu pamphuno! Iwo akamva fungo ankathawira kumphepo. Ine ndinkaima pomwepo, n'kumawaphunzitsa." Anadzigwira pachifuwa. "Chifuwa ichi ndinkati n'cha fumbi."

"Chimabwera mukapopera. Chaka chino sichinachoke."

"Munaona zimenezonso?"

"Ndinakuuzani kuti mupite kuchipatala. Munati netiweki ikudukaduka."

"Tinali m'chipinda chimodzi."

"N'chimene chinandidabwitsa."

Anatola masiki imene anawamanga nayo akazi awo, ya sokosi ndi chubu ija, naitembenuza m'manja. Apa mantha enieni anawagwira. Anaona m'maganizo mawa m'mawa: a Jessie ali pakati pa mizere ya tomato, sipuleya kumsana, nkhungu ya mankhwala itawazinga, akupirira poti amuna awo anena kuti masiki ikugwira, ndipo iwo ali pamthunzi akuomba m'manja. Kumbuyo kwawo anthu ena asanu ndi anayi akudikira nthawi yawo, mmodzi wa iwo Stelia wa kutsidya, amene ali ndi pakati. Anachita manyazi mpaka makutu anatentha.

"Mukanavaladi mawa?" anafunsa.

"Munati ndivale."

"Mukudziwa kuti sikugwira?"

"Ndikanaima kumene kukuchokera mphepo, n'kumapuma mwaulemu."

"Mayi a Prisca, inu mudzandiphetsa ndi kumvera kwanuku."

"Inu mukanandipha ndi kusamva kwanu."

A Ezekiele anayang'ana mamasiki khumi aja, milungu itatu ya ntchito, singano zitatu, mbewu ya mpiru yosowa pokhala.

"Taonani wasayansi wa ku Lisungwi," anatero. "Woyesa fungo wopanda mphuno. Kuli ngati kutuma wakhungu kukasankha chitenje. Safunsa anadya phula, koma ine ndadya phula, mbale ziwiri, n'kuyamikira wophika." Anapukusa mutu. "Makala anandilanditsa njinga ziwiri, lero amafuna andilande mkazi."

"Makala sanalakwe. Ndimasitira nawo malaya anu."

"Mafuta aja mumadzolabe?"

"Tsiku lililonse."

"Lero?"

"Lero ndadzola makala."

Anaseka onse awiri, a Ezekiele mosamala kuti chifuwa chisadzuke. Kenako anaimirira, nakung'untha fumbi kumbuyo kwa buluku.

"Ndikupita kwa a Limbani dzuwa lisanapendeke. Mawa palibe wopopera ndi zinyalalazi. Tiwaimbire alangizi atiuze kumene kumapezeka tizitini tenitenito, ndipo woyesa fungo m'kalabu muno akhala inu. Mbozi zidye masiku awiri ena, sizimaliza dimba. Lolemba mundiperekeze kuchipatala."

"Muwauza chiyani a Limbani?"

"Zoona. Andiseke. Akaseka mokwanira atopa." Anakweza chibwano. "Koma munthu akamapita kukachita manyazi amapita atatchena. Nditengereni jekete yanga m'shedimo. Ulemu wa pa sayansi wapita, koma wa ku tchalitchi ndikadali nawo."

A Jessie anapita. Anakoka mpweya wambiri ali panja, n'kutsekula chitseko cha shedi, n'kulowa mothamanga. Tonde analira. Anatuluka jekete ili kunsonga kwa mtengo wothyolera mango, dzanja lina litatsina mphuno, nayenda nayo chammbali mpaka pamene panaima amuna awo. Galu wa pakhomo, amene anali atangobwerera kumene, anatembenuka pachipata n'kupitanso kwa aneba.

A Ezekiele anayang'ana jekete. Anayang'ana mtengo, kutalika kwake. Anayang'ana shedi, kumene tonde wa mtundu wa chizungu anasuzumira pachitseko akutafuna.

"Mayi a Prisca."

"Ee."

"Lero ndaphunzira kufunsa. Ndifunse?"

"Funsani."

"Jekete imeneyi munaichapapo?"

"Munati siichapidwa ndi madzi, ndipo ndisaikhudze."

"Ndinatero. Nanga benchi ija amandisiyira ku tchalitchi?"

"Amakusiyiranidi."

"Chifukwa cha ulemu?"

A Jessie anayang'ana pansi.

"Chabwino, limenelo lisiyeni. Koma a kwaya aja, poti salima tomato, mamasiki asanu ndi atatu amafuna achite nawo chiyani?"

A Jessie anatambasula mtengo uja, jekete n'kulendewera pamaso pa mwini wake.

"A kwaya amakhala kumbuyo kwa benchi yanu, bambo a Prisca."